Kaufa Kamene Mwana Wanga Anathira M'tiyi

Ku Chiputula kuli bambo ena amene amapanga mafilimu oti anthu saonera. Mukafunsa anyamata okopera anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni kumsika, adzakuuzani kuti za mdala ameneyo musataye nazo nthawi, mulibe kanthu. Mulibe ndewu, mulibe mfiti youluka pa lichero, mulibe woseketsa wovala jekete long'ambika. Inenso ndinkanena zomwezo, ndipo ndinkanena mokweza, poti pakamwa panga sipachita manyazi. Lero munthu akawanyoza pamaso panga timakangana mpaka tiyi kuzizira. Chodabwitsa n'chakuti bambo omwewa anatsala pang'ono kumuphera mwana wanga ukwati.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Mzuzu ndili mtsikana kudzaphunzitsa kupulayimale, ndinakwatiwa konkuno, ndipo bambo a kunyumba atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi wamkazi m'nyumba yathu ya ku Zolozolo. Chitumbuka ndimamva chonse, ngakhale cha miseche, koma ndikati ndiyankhule ana amafa ndi phwete, ndiye ndinangokakamira Chichewa changa. Mwana wangayo ndi wofatsa, sanatengere ine. Amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, amaimba kwaya, ndipo kusekondale ankakonda masewero.

Adayirekita, monga timawatchulira, chakudya chawo amachipeza pojambula maukwati ndi maliro. Mafilimu ndi matenda awo chabe. Anamuona mwana wanga paukwati wa mnzake akugawira anthu zakumwa, n'kumuuza kuti akumufuna mufilimu yawo yatsopano chifukwa nkhope yake siulula zimene zili mumtima. Iye anabwera kunyumba akumwetulira ngati wauzidwa kuti ndi wokongola. Ndinamuloleza. Ndinkati n'zachibwana, zotha zokha, ndipo Loweruka lililonse ankakwera kabaza kupita ku Msongwe kumene ankajambulira m'nyumba ya munthu wina.

Nthawi yomweyo n'kuti nkhani ya ukwati wake ikupsa. Mnyamatayo ndi wa ku Nkhata Bay, wophunzira bwino, waulemu, wa anthu aja amavula nsapato pakhomo ngakhale uwaletse. Akwawo anali atanena kale kuti atumiza thenga kwa azilamu anga, abale a malemu bambo a mwanayu. Thenga ndi munthu amene kuno amatumidwa kukatsegula nkhani ya ukwati, ndipo iye asanafike palibe chimene chayamba. Ine ndinali nditapentetsa kale pabalaza.

Kenako adayirekita anatulutsa kachidutswa ka filimu yawo kokopera anthu, kaja kamayenda m'mafoni. Kanali kakafupi. Mumaoneka khitchini, kapu ya tiyi patebulo, ndi mwana wanga atavala chitenje ngati mayi wapabanja. Akuyang'ana kukhomo, akumasula kapepala kamene anamanga pansonga ya chitenje, akuthira kaufa koyera m'tiyimo, akutakasa pang'onopang'ono kuti supuni isalire. Ndiye mawu a nkhalamba akumveka kuchipinda, kuitana kuti mkamwana, tiyi uja. Basi, kathera pomwepo. Mkamwana ndiye mkazi wa mwana wako wamwamuna, dzina limene mwana wanga ankayembekezera kuitanidwa nalo ku Nkhata Bay. Ndinakaona koyamba pa foni ya mphunzitsi mnzanga, ndipo ndinaseka, ndinanyadiranso.

Tsiku limene thenga amayenera kufika, azilamu anga anakhala pabalaza panga popentedwa kumene kuyambira m'mawa, majekete ali pathupi, mpaka nkhuku imene ndinapha tinadya tokha. Mawa lake mnyamata uja anabwera, anakhala pansonga ya mpando, n'kumayang'ana masokosi ake.

Anati kachidutswa kaja kanafika kunyanja, azakhali ake ena anakatumiza kwa mayi ake, ndipo mayi akewo ati thenga ayambe waima. Ndinamufunsa ngati mayi ake sadziwa kuti sewero ndi sewero. Anati amadziwa bwino, anapita kusukulu, ndipo bizinesi yawo ya nsomba imawafikitsa mpaka ku Lilongwe. Koma funso lawo akuti ndi ili: pa atsikana onse a mu Mzuzu, wojambulayo anaona chiyani pa ameneyu kuti amupatse kaufa? Akutinso manja a mwanayo sakunjenjemera ngakhale pang'ono, ngati si koyamba. Ndiponso pamsika wa nsomba anzawo ayamba kale kuwafunsa kuti mkamwana wa kaufa uja abwera liti. Bambo a mnyamatayo ndi odwaladwala, choncho nkhani ya kapu ya nkhalamba m'nyumba imeneyo sinali yoseketsa.

Ndinapsa mtima, koma pansi pa kupsa mtimako panali mantha. Mwana wanga amamukonda mnyamatayu, ndipo mnyamatayu si wokwatira mayi ake atakana. Ndakhala kuno nthawi yokwanira kudziwa kuti thenga akaima nthawi yaitali amaiwala njira.

Ndinamukhazika mwana wanga pansi kuti andiuze kuti mufilimumo kaufako n'kachiyani, tiwatumizire mawu anthuwo mitima ikhale pansi. Anandiyankha, misozi ili mbwembwembwe, kuti sakudziwa. Ndinayesa akundinamiza. Koma anandifotokozera mmene adayirekita amagwirira ntchito. Sapatsa munthu nkhani yonse. Ukafika m'mawa amakutengera pambali n'kukuuza za tsiku limenelo zokha, mawu ako okha, ndipo anzako sauzidwa zimene iwe wauzidwa. Tsiku la kapu anangomupatsa kapepala ka ufa woyera n'kumuuza kuti athire ngati munthu amene sakufuna kuonedwa. Atafunsa ngati iye mufilimumo ndi munthu wabwino kapena woipa, anamuyankha kuti thira kaye. Ngakhale nkhalamba imene inkamwa tiyiyo sinkadziwa ngati ifa kapena ichira.

Nditaweruka tsiku lotsatira ndinakwera kabaza wa ku Chiputula, mvula ikuwaza, matope ofiira akundithimbiritsa siketi. Kashopu kawo kali kuseri kwa malo ometera, kodzaza ndi zithunzi za akwati amene sanabwere kudzatenga. Ndinawapeza atavala chipewa cha ubweya, akuyang'ana chitseko pa kompyuta. Chitseko chabe, chotseka, iwo ali duu ngati akumvera ulaliki. Ndi munthu wamfupi, wa imvi, woyankhula motsitsa moti umachita kusendera.

Anandilonjera kuti monire mama, ine moniwo sindinayankhe n'komwe. Ndinawakhuthulira zonse. Anamvetsera osandidula, n'kunena kuti pepani chomene, sanaganize kuti kachidutswako kakachita zimenezo kunyanja. Ndinati chabwino, kupepesa ndamva, tsono ndiuzeni mathero, kapena imbani foni muwauze mayiwo. Anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso.

"Mama, iyi ndi filimu ya suspense. Ndikakuuzani lero, mawa Mzuzu yonse yadziwa, ndipo filimu yafa. Komanso mayiwo mawu anga sangawakhulupirire, adzati mwachita kundipempha. Abwere adzaone okha."

Ndinawafunsa ngati filimu yawo yosaoneredwayo ili yofunika kuposa banja la mwana wa munthu. Ndinawauza mawu ena amene mphunzitsi sayenera kunena, ndipo wometa wa kutsogolo anazimitsa makina kuti amve bwino. Potuluka ananditsatira ndi kafulashi m'manja, akuti muli mafilimu awo akale, ndikaonere ndikapeza mpata. Anati yatsopanoyo adzaonetsa Loweruka la sabata yotsatira masana muholo ya sukulu ina, ndipo adzasunga mipando iwiri kutsogolo. Kafulashiko ndinalandira ndi cholinga chokataya m'dambo la Chiputula, koma ndinafika nako kunyumba.

Masiku amenewo m'nyumba mwathu munali ngati mwagwa maliro. Mwana wanga anasiya kupita ku kwaya chifukwa anzake ankabisa makapu awo akamuona, mwanthabwala, koma nthabwala zake zinkamufika pamtima. Akaweruka ankangolowa kuchipinda, foni ili m'manja, kudikira uthenga umene sunkabwera. Ine pabalaza popentedwa paja ndinkapadutsa mothamanga.

Ndinayamba kuonera mafilimu aja osati chifukwa chowakonda, ayi. Ndinkafufuza khalidwe la mwini wake, monga timachitira ndi mphunzitsi wokonza mayeso: ukaona mapepala ake akale umadziwa kumene amakonda kutchera. Ndinkafuna ndidziwe ngati munthu amene amamuloza chala koyambirira amadzapezeka wosalakwa kumapeto. Ndikabwera kusukulu ndinkatseka makatani, kulumikiza fulashi ku kanema, n'kukhala pansi ndi mkwiyo wanga.

Yoyamba inali ya wakabaza amene wanyamula mlendo kudepoti m'mamawa, chifunga chitakuta tauni yonse. Mlendoyo ali ndi chikwama pamiyendo ndipo sakunena kumene akupita, amangoti tiyeni, khotani apa, tiyeni. Ife oonera taona kale chimene chili m'chikwamamo, chikwanje chokulunga m'nyuzipepala, koma wakabaza sanaone. Filimu yonse ndi ulendo umenewo basi. Mulibe nyimbo zija zimakuuza kuti tsopano yamba kuopa. Mumangomveka tcheni cha njinga ndi kupuma kwa wopalasa pokwera chitunda, nyumba zikucheperachepera m'mbali mwa msewu. Ndinangozindikira kuti ndaimirira pakati pa balaza, ndikumuuza wakabazayo kuti tsika uthawe, mwana wa eni. Nyemba zinapserera kukhitchini. Kumapeto kwake, munthu wachikwanjeyo ankapita kukalambula manda a mkazi wake, ndipo sankayankhula chifukwa ankalira. Ndinapuma, n'kuti eya, ndawagwira, bambowa amangoopseza.

Yachiwiri inandilanda chimwemwe chimenecho. Inali ya mayi wina wofatsa, wosunga makiyi a nyumba za anzake akapita kumaliro. Filimu yonse umamumvera chisoni kuti anthu akumunamizira, ndipo pomaliza kamera imangolowa pansi pa bedi lake mwakachetechete n'kukuonetsa katundu wa dera lonse. Yachitatu sinanene n'komwe kuti wolakwa ndani, inathera pa chitseko chikutseguka. Bambowa analibe chizolowezi choti munthu n'kuwagwira nacho. Mwana wanga akanatha kukhala mngelo, akanathanso kukhala wakupha apongozi ake, ndipo ine ndinali pafupi kuitana mayi a mnyamata kuti adzaonere zimenezo pampando wakutsogolo.

Komabe ndinaonera onse, ena kawiri. Ndinayamba kuona zimene anyamata a kumsika saona. Bambowa amadziwa kuti chodzidzimutsa chimatha msanga, chimene chimamudya munthu ndi chimene akuchidikira. Amakuonetsa chinthu poyera, koyambirira, kenako amakusiya nacho. Amadziwa utali umene chitseko chingakhale chotseka munthu asanatope, ndipo amachitsegula utangotsala pang'ono kutukwana. Zoopsa zawo ndi zathu zomwe: kiyi amene sali pansi pa mwala pamene unamusiya, foni yoitana m'chipinda mopanda munthu, mvula yosiya mwadzidzidzi padenga la malata. Mzuzu yathu yomweyi, ya nthochi ndi matope, amaijambula mwakuti ukatuluka panja umayamba kuyang'ana kawiri njira imene umadutsa tsiku lililonse. Zinkandinyansa kuti ndikusirira luso la munthu amene wandiika pamoto.

Pa mwambo, ine sindimayenera kuyankhula ndi mayi a mnyamata thenga asanayende. Azilamu anga anandiuza kuti ndidekhe, nkhani za ukwati sathamangira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha nambala kwa mnyamata uja n'kuimba. Mayiwo anandiyankha mwaulemu, koma ulemu wake wozizira. Ndinawauza chilungamo, kuti mathero a filimuyo sindikuwadziwa, mwana wanga sakuwadziwa, ndipo ndikuwapempha tidzaonere limodzi. Kenako anati Loweruka limenelo akubwera kale ku Mzuzu kudzagula mankhwala a bambo, ndiye akapeza nthawi adzadutsa.

Loweruka linafika ndi mvula yake. Mawindo a holo anali atatchingidwa ndi mabulangete, ndipo kutsogolo anapachika nsalu yoyera. Anthu sanadzaze. Panali abale a ochita seweromo, ana asukulu othawa mvula, ndi wometa uja, amene ndikukhulupirira anabwera kudzaona mathero a ine. Mwana wanga anakabisala kumbuyo kwenikweni ndi mnyamata wake. Mayi aja anafika filimu ili pafupi kuyamba, aatali, ovala bwino, chikwama chakuda atachikumbatira pachifuwa. Tinapatsana moni wa nsonga za zala, n'kukhala pamipando yathu iwiri ija ngati anthu odikira dokotala.

Nkhani yake inali ya nkhalamba ina ya ku Msongwe, yaliuma, yokhala ndi mwana wake wamwamuna ndi mkamwana watsopano. Koyambirira nkhalambayo ikuchokera kuchipatala, ikukalipa, ikutaya kapaketi kudzala n'kunena kuti iyo sidwala, madokotala a masiku ano ndi ana. Tonse tinaseka n'kuiwala. Kenako kunayamba za kapu. M'mawa uliwonse mwana wanga akuyang'ana kukhomo, akumasula kapepala, akutakasa. Kamera imatsatira kapuyo kuchokera kukhitchini, kudutsa pakhonde, mpaka m'manja mwa nkhalamba, ndipo nkhalambayo imayamba yaiika pansi, kuyankhula zina, kuinyamulanso, kuuzira. M'holo munayamba phokoso. Mayi wina kumbuyo anakuwa m'Chitumbuka kuti adada, kumwa yayi, ndiko kuti musamwe, ndipo wina anamutchula mwana wanga dzina limene sindingalembe. Ine thukuta linali kamukamu, kuzizira konse kuja. Ndinkaba kuyang'ana kumbali. Mayi a mnyamata anali njo, osaphethira, zala zitakanirira pachikwama.

Mufilimumo, mlongo wake wa mwamuna anamuona mkamwanayo akuthira, ndipo banja linamuletsa kulowanso m'khitchini. Patangopita masiku ochepa nkhalamba inagwa pakhonde. Holo yonse inati basi, poizoni wagwira. Ndiye kunabwera m'mawa wina: mkamwana akuzemba kulowa m'khitchini moletsedwamo, mwamuna wake akumutsatira monyang'ama wopanda nsapato, akufika pachitseko, akuika dzanja pachogwirira. Chinali chitseko chomwe chija ndinachipeza pa kompyuta. Pomwepo magetsi anazima.

Anthu anakuwa, ena anaseka poyesa kuti ndi mmene adayirekita anakonzera. Wina anachotsa bulangete limodzi pawindo, kuwala kwa masana kunalowa, ndipo ndinaona mayi aja akuimirira, akukonza chitenje. Anati aona zokwanira, komanso minibasi za kunyanja zimavuta mvula ikagwa. Kunja ndinkamva adayirekita akulimbana ndi jenereta, ikutsokomola n'kuzima, ikutsokomola n'kuzima. Ndinadziwa kuti mayiwa akatuluka pakhomo limenelo, m'maso mwawo mwana wanga adzatsala m'khitchini ndi kaufa m'manja mpaka kalekale.

Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite kwa munthu amene ndamuona koyamba.

"Mayi, mwana wanga ndikumudziwa, koma filimuyi sindikuidziwa. Mwina ithera pondichititsa manyazi. Ngati ndi choncho, ndichite manyaziwo muli pompano. Khalani pansi."

Sindikudziwa ngati anakhala chifukwa cha mawu angawo kapena chifukwa nawonso chitseko chija chinali chitawagwira. Ine ndimakhulupirira kuti chinali chitseko. Anakhala, bulangete linabwezedwa pawindo, jenereta inavomera.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, monga amachitira bambo amenewa. Mwana wanga watifulatira, akuphwanya kanthu pambale ndi kumbuyo kwa supuni. Kamera ikusendera, ikudutsa paphewa pake, ikutsikira patebulo. Pambali pa mbaleyo pali kapaketi kothimbirira ndi phulusa la kudzala, kaja nkhalamba inataya koyambirira ife tikuseka. Mapilitsi a BP. Mwamuna uja akukhala pansi pakhomo pomwepo, manja kumutu. Palibe amene anayankhula mufilimumo, ndipo panalibe chifukwa. Tonse tinakumbukira tokha kuti nkhalamba inagwa atamuletsa mkamwana kupanga tiyi. Ndinamva pambuyo pake kuti kapaketiko adayirekita anakajambula paokha tsiku lina mwana wanga kulibe, iye anangouzidwa kuphwanya choko ndi supuni.

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo ndinali nditausunga kuyambira tsiku la nkhuku lija. Misozi inangotsika yokha, ndipo sindinaipukute. Mayi uja ankakuwa kumbuyo anayamba kuliza nthungululu. Ndinatembenuka kuti ndione mayi a mnyamata, ndili wokonzeka kunena kuti mwaona nanga, koma iwo sankayang'ana kwa ine. Anali atatsegula chikwama chawo chakuda, akuyang'ana m'katimo. Anachipendeketsa kuti ndione. Munali mapaketi a mankhwala amene anagula m'mawa umenewo, ndi kasupuni kokulunga m'kansalu.

Anasendera kukhutu kwanga.

"M'tiyi amazindikira, asebele. Amati tiyi wa lero akuwawa. Ine ndimathira m'phala."

Asebele ndi mmene amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, ngakhale jenereta inkalira. Kenako tonse awiri tinayamba kuseka, kuseka kwa misozi, mpaka wa kumbuyo kwathu anatiuza kuti tikhale chete filimu sinathe.

Panjira yopita kudepoti anandiuza kuti bambo akunyumba kwawo akhala akukana mankhwala kuyambira kalekale, kuti iwo anakafunsa kuchipatala ngati angamawaphwanye ndipo anawaloleza, ndiponso kuti mwa ana awo palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa. Kasupuniko amayenda nako m'chikwama kuti wina asakapeze. Anati kachidutswa kaja katafika pa foni yawo, chimene chinawaopsa kwenikweni si mwana wanga ayi. Anadziona okha akuyang'ana kukhomo, ndipo anaona mmene anthu angawaonere atawapezerera. Anzawo a pamsika akamatukwana mtsikana wa mufilimu, iwo ankamva ngati otukwanidwawo ndi iwo, ndipo sanafune kuti nkhani ya kapu ilowe n'komwe m'nyumba mwawo.

Titafika pa minibasi anaitana mwana wanga, amene ankatitsatira patali ngati wolakwa. Anamugwira manja onse awiri, anawatembenuza, n'kunena kuti yewo ukongwa, ndiko kuthokoza kwa kwawo. Thenga anafika sabata yotsatira, ndipo nkhuku yachiwiri inadyedwa ndi eni ake.

Kwa adayirekita ndinabwererako kukabweza fulashi. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji za mayi a ku Nkhata Bay. Anati sankawadziwa n'komwe. Pojambula maukwati amaima pakona tsiku lonse, ndipo aonapo azimayi ambiri akutembenukira kukhoma ndi kapu ya amuna awo asanaipereke. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha, nkhope ili ngwee: pamene chitseko chinkatseguka, kodi chinachedwa kwambiri kapena chinali bwino? Ndinawauza kuti akadzachedwetsanso chonchija ndidzawasumira. Anasangalala kwambiri.

Filimuyo sinapite patali. Pa kanema sinaonetsedwe, ndipo anyamata a kumsika amati ndi yabwinoko, koma ikanakhala ndi ndewu. Adayirekita akujambulabe maukwati, ndipo wa mwana wanga anajambula ndi iwo. Ndi ukwati wokhawo umene ndinauonera pa kanema mtima uli m'mwamba, ngakhale ndinalipo, chifukwa kamera inakhala pachitseko cha tchalitchi nthawi yaitali mkwatibwi asanatulukire. Ine ndimauza aliyense amene angandimvere kuti mumzinda muno muli mmisiri, ndipo anthu amamudutsa tsiku ndi tsiku popita kokameta. Ambiri amangogwedeza mutu n'kundifunsa ngati ali ndi yoseketsa.

Kunyanja filimuyo inaletsedwa m'nyumba imodzi yokha. Asebele anauza ana onse kuti aliyense woonetsa bambo awo adziwanso. Bambowo ali bwino, amayenda okha kupita kutchalitchi, ndipo amauza alendo monyadira kuti iwo mankhwala a kuchipatala sanamwepo. Mwana wanga atapita koyamba kukagona kumeneko monga mkamwana, anandiimbira foni m'mawa, akunong'ona. Anati apongozi ake aakazi amudzutsa, amutengera kukhitchini, atseka chitseko, ndipo amupatsa kasupuni kaja.